Mvula Yonunkha ya ku Kanyama

"Bashi Sampa, nunkhizani! Awe, osayangana kumbali. Tsikani pabedi apo mubwere mununkhize. Iyi ni mvula iyi?"

Norah anali chiimire m'madzi ofika mu akakolo, m'nyumba mwake momwe, tsache lili m'manja. Mvula inali itangokata. Panja anthu a mu Kanyama anali atayamba kale ntchito yawo ya m'dzinja, yokapa madzi m'nyumba ndi mabeseni n'kumawathira chakwa mnansi. Mwamuna wake, Fackson, anakhala pabedi atapinda miyendo, akupukuta zala za kumapazi ndi malaya akale. Kumbuyo kwake kunagona Sampa, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anali atangotuluka kumene m'chipatala.

"Fungo namvera, bamake Sampa. Mphuno nili nayo."

"Ngati mwamvera, kambani. Ni ndani?"

"Nizaziba bwanji ine? Manzi sayenda na chitupa."

"Ine niziba. Ni Bana Kalumba. Toileti yawo ili apa chabe kuseli kwa mpanda, ndipo inadzala kalekale. Mvula ikabwera baiboola, vonse vibwera kwa ine. Mwana wanga anatsala pang'ono kufa chifukwa cha uja mukazi."

"Munabaona na maso yanu?"

"Nifunika kuona chani? Ninkhale mumvula kulonda toileti ya munthu?"

"Ukayenda siya phazi, bamake Sampa. Ukasiya mulomo uzakaupeza kutsogolo. Uja ni mukazi wamasiye, ali na bana bake. Musamuike mumilandu yamene simuziba."

Norah anatsamiritsa tsache kukhoma n'kugwira m'chiuno.

"Ehe, mwayamba. Nikakamba za maneba bena, monga ba Musonda, muli zii. Nikakamba za ba Lemmy muli zii. Nangotchula Bana Kalumba, mwasanduka loya. Nanga imwe, mvula yonse iyi munali kuti?"

"Kusakila pisiweki, kaganyu kowotcherera vitsulo."

"Pisiweki ya mumvula? Mumawotcherera madontho?"

Fackson anayesa kuseka. Iye anali Mbemba wa ku Kitwe, Norah wa ku Katete, ndipo kale mikangano yawo yambiri inkathera m'chipongwe cha pachibale.

"Vuto yanu imwe bakum'mawa ni mbeba zamene mumadya. Zimakupasani mutima wofufuza una uliwonse."

Norah sanaseke. Anatenga beseni n'kuyamba kukapa.

Pansi pa Kanyama pali mwala. Ukakumba pang'ono khasu limalira, ndiye dzenje la chimbudzi silipita patali. Anthu amamanga zimbudzi zawo chokwera m'mwamba ndi mabuloko, munthu n'kumakwera masitepe ngati akupita kukalalikira. Chikadzaza, galimoto yopopa imafuna ndalama zoti banja lingadye mwezi wathunthu, komanso m'tinjira tambiri siingalowe. Choncho pali njira ina imene aliyense amaidziwa koma palibe amene anaichitapo: kudikira chimvula champhamvu, anthu onse atadzitsekera m'nyumba, n'kuboola khoma la chimbudzi cham'munsi kuti madzi atenge zonse apite nazo kwa eni tsoka. Mvula ikakata, bowo amalimata, Lamulungu n'kuvala jekete kupita kutchalitchi.

Eni tsokawo anali a kumunsi, kumene Norah ankakhala. Kanyama ndi wosalala ngati thebulo, koma madzi amadziwa mbali imene thebulolo linapendekera. Kale ankakapuma kudambo la kuseri kwa msewu waukulu. Pano padambopo panamangidwa zinyumba zosungiramo katundu, ndipo pamene panali ngalande a Nkole, tcheyamani wa deralo, anamangapo mdadada wa zipinda za lendi. Madzi saiwala khwawa. Akapeza khwawa lawo lili ndi chitseko ndi loko, amakagogoda kwa amene alibe mphamvu yowakaniza.

Mvula nayo inali itasintha khalidwe. Chaka chatha inakana kugwa, chimanga chinapsa m'minda, madzi a ku Kariba anatsika, magetsi n'kumabwera ngati mlendo wongodutsa. Fackson anali wowotcherera zitsulo, ndipo makina ake anachita dzimbiri pansi pa bedi. Pampopi wogulitsira madzi pankangokhala mzere wa zigubu, poti injini yokoka madziwo imafunanso magetsi, ndiye anthu anabwerera ku zitsime zosaya za m'mayadi. Chaka chino mvula inkasowa masabata, kenako ya mwezi wonse n'kugwa masana amodzi. Ikatero, chitsime ndi chimbudzi zinkapatsana moni. Umo ndi mmene Sampa anadwalira, ndipo namwino pomutulutsa anamuuza Norah mosabisa kuti thupi la mwanayo silingapirire kachiwiri.

Norah sanali mkazi wofulumira nsanje, koma maso anali nawo. Anaona kuti mitambo ikangoda, foni ya Fackson inkalira, iye n'kukayankhira panja. Anaona kuti ankatuluka mvula ikuyamba n'kubwera itakata, atanyowa, koma akununkhira sopo amene m'nyumba mwawo munalibe. Mawa lake pakhomo pankaoneka kathumba ka ufa, nthawi zina ndi kapenta yemwe. Mwamuna wosagwira ntchito, wosamba kwina, wobwera ndi ndiwo.

Tsiku lina akuchokera kumsika anawapeza awiriwo, Fackson ndi Felistus, yemwe aliyense ankamutchula Bana Kalumba, kutanthauza amake a Kalumba, ataima kuseri kwa matumba a makala amene mayiyo ankagulitsa. Felistus ankalankhula motsitsa mawu, chala chake chili pachifuwa pa Fackson. Atamuona Norah, Felistus anachotsa chalacho msanga.

"Mwachoma bwanji, bamake Sampa? Mwana ali bwanji?" anafunsa Felistus.

"Ali bwino. Pitilizani, nisakusokonezeni. Kapena malasha yadula maningi, mpaka mutengo muchita kunong'onezana?"

Mawa lake anapita kwa a Nkole. Nyumba yawo inali kumtunda, pafupi ndi zipinda zawo za lendi, ndipo khonde lake linali lalitali moti munthu woima pansi ankalankhula ndi mawondo awo. Anawapeza atakhala pampando wa pulasitiki, akumvera wailesi.

"Ba tcheyamani, nabwera na dandaulo. Kuli munthu atsegula toileti mvula ikabwera. Mwana wanga anagonekedwa kuchipatala. Ikabwera futi ija nyansi, nizamuika m'manda."

A Nkole anatsitsa wailesi. Anamuyang'ana nthawi yaitali ndithu.

"Atsegula toileti? Munamuona munthu wamene uyo?"

"Sininamuone, koma niziba. Ni Bana Kalumba."

Nkhope ya a Nkole inamasuka ngati ya munthu amene wavula nsapato yothina.

"Mwachita bwino kubwera, mwana wanga. Wakutsina khutu ni mnansi. Ife tikamba za ukhondo tsiku na tsiku, koma bantu sibamvera. Uja mukazi nakhala nimuuza kuti puloti ija yamukulira, agulitse chabe abwerere kwao ku Mufulira. Musade nkhawa. Pa Chiweru komiti izabwera."

Norah potsika anadabwa pang'ono kuti munthu amene amatha miyezi asanaweruze mlandu wa nkhuku wavomera msanga chonchi, osafuna ndi mboni yomwe. Koma anaganiza kuti ndi mwayi wake.

Loweruka m'mawa anabweradi, a Nkole kutsogolo, anyamata a komiti kumbuyo atanyamula mapiki ndi nyundo. Anthu anadzaza kanjira konse. Felistus anaima pamasitepe a chimbudzi chake, manja ali bii ndi makala.

"Ba tcheyamani, nalakwa chani? Chaka chino ine sininagwireko iyi toileti. Mulungu aona."

"Mulungu aona, na ife tifuna tione," anatero a Nkole. "Zungulirani, anyamata."

Mmodzi anazungulira kuseri, anagwada, n'kukanda ndi nsonga ya piki. Cham'munsi mwa khoma munali buloko imodzi yomatidwa ndi simenti yosiyana mtundu ndi inzake.

"Nanga ichi ni chani, mayo?"

Felistus anakweza mutu. Sanayang'ane a Nkole, sanayang'anenso Norah. Maso ake anadutsa mitu ya anthu onse n'kukaima pa Fackson, amene anali kumapeto kwa gulu. Fackson anayang'ana pansi. Anyamata anayamba kugwetsa denga ndi makoma a pamwamba, n'kutseka dzenjelo ndi zigumuka zake. Anthu anabalalika akuti chilungamo chachitika, ambiri a iwo akuyenda mofulumira kukaona ngati simenti ya kuseri kwa zimbudzi zawo ikuoneka.

Kuyang'anana kuja Norah anapita nako kunyumba.

"Mwakondwera manje?" anafunsa Fackson. "Bana baja baziyenda kuti?"

"Wanga azagona pouma. Ngati vakubabani, yendani mukabamangire ina. Simenti muzapeza, monga mwamene mupezera sopo."

Kunatsatira masiku a dzuwa loswa mtengo. Matope anauma n'kung'ambika, ntchentche zinachuluka, ndipo Sampa anayamba kusewera pakhomo, masaya akubwerera. Ana a Felistus ankadutsa m'mawa uliwonse kupita kukapempha chimbudzi kutchalitchi, osapereka moni. Norah anadziuza kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Mayi aliyense akanachita zomwezo.

Kenako tsiku lina masana kunada chakum'mawa. Mphepo inanyamula mapepala ndi mapulasitiki n'kuwapachika pa mawaya a magetsi opanda ntchito aja. Foni ya Fackson inalira. Anatuluka nayo, anabwerera, n'kuvala malaya ake ong'ambika.

"Niyenda pa msika, nibwera manje manje."

Madontho oyamba ankamenya malata ngati miyala. Sampa anali m'tulo pabedi. Norah anamufunditsa, anakoka chitseko n'kuchimanga ndi kawaya, anaphimba mutu ndi pulasitiki, n'kumutsatira mwamuna wake. Mumtima anali atakonza kale mawu oti akanene pakhomo pa Felistus, ndipo ena mwa iwo sanali a munthu wopemphera.

Fackson anadutsa pakhomo pa Felistus osacheuka n'komwe.

Norah anaima kaye, atasokonezeka. Kenako anapitiriza. Mvula inali itafika pamene munthu saona bwino kutsogolo, ndipo kanjira kanasanduka mtsinje. Fackson ankayenda chokwera, molimbana ndi madzi. Pa galimoto ina yakufa imene inakhala pambali pa njira zaka zambiri anawerama, n'kusolola pansi pake chitsulo chachitali chosongoka. Analowa kuseri kwa zipinda za a Nkole. Kumeneko kunali chimbudzi chimodzi cha anthu onse a mdadadawo, chachikulu ngati kagolosale, masitepe ake ofika m'chiuno. Fackson anamanga kansalu pamphuno, anagwada, n'kulowetsa chitsulo m'mphepete mwa buloko ya pansi. Buloko inatuluka mosavuta, ngati dzino logwedera kale. Zakuda zinatumphuka n'kulowa m'madzi a mvula, ndipo madziwo anazitenga n'kukhotera nazo kumunsi, njira imene Norah anadzera.

"Bashi Sampa!"

Fackson anatembenuka. Chitsulo chinagwera m'madzi. Anatsitsa kansalu kaja pang'onopang'ono.

"Bwererani kunyumba, bamake Sampa."

"Ni imwe."

"Ni nchito."

"Nchito? Yanganani uko! Viyenda kuti ivi? Nikufunsani, viyenda pakhomo pa ndani?"

"Niziba kwamene viyenda!" Mawu ake anapambana phokoso la malata. "Muganiza siniziba? Nikakana ine, ba Nkole bazapeza wina. Vizabwera chimozimozi pakhomo pathu, koma unga uzayenda kwa uyo wina. Munafuna nichite bwanji? Malaiti kulibe. Geti ya munthu nizawotcherera na chani, na mate? Ba nesi banati mwana adye bwino. Ija phala munamuphikira atatuluka, muganiza inachoka kuti?"

"Kwanja iyi mumupasa phala, kwanja iyi mumukumbira manda."

"Ninali kuti ni ulendo umozi chabe. Manje ba Nkole bakuti nikaleka bazauza bantu kuti ni ine. Munabaona baja anyamata na mapiki."

"Ndipo munaima chabe, bagwetsa toileti ya mukazi wamasiye."

"Ni imwe munabaitana."

Norah anamusiya pomwepo. Anathamangira kutsogolo kwa mdadada uja n'kuyamba kumenya zitseko ndi zibakera, chimodzi ndi chimodzi.

"Tulukani! Tulukani muone vamene bachita ba tcheyamani banu! Batsegula toileti! Bapha bana bathu kumunsi!"

Zitseko zingapo zinatseguka pang'ono. Panatulukira mutu wa bambo wina wovala vesiti, n'kubwerera. Mayi wina wonyamula khanda anamuyang'ana Norah kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mopanda mkwiyo, motopa chabe.

"Mayo, tiziba. Manje mufuna tiziyenda kuti? Mwaona mwamene tachulukira pano, toileti ni imozi. Inadzala mpaka pa sitepe, bana bathu baponda mwamene umo. Na ife tili na bana." Anasuzumira chakuseri n'kukweza mawu. "Ba Fackson! Mukasiliza mumate bwino. Ulendo watha inali kudontha."

Chitseko chinatsekedwa. Kunyumba kwa a Nkole katani ya pawindo inagwedezeka, koma pakhonde lalitali lija sipanatuluke munthu.

Norah anaima pakati pa bwalo, pulasitiki itagwa kale kumutu. Anayang'ana madzi akuda aja akudutsa pa mapazi ake, akuthamanga ngati akudziwa nyumba imene akupita. Ndipo anakumbukira kuti Sampa akadzuka amatsika pabedi yekha.

Anathamanga. Anagwa pena, anadzuka, patapata mmodzi anapita ndi madzi. Atafika anapeza kawaya kali lende, chitseko chili pululu. M'nyumba madzi anali ofika m'mawondo, mbale zikuyandama. Pabedi panalibe munthu.

"Sampa! Sampa iwe!"

"Ali kuno!" Mawuwo anachokera kuseri kwa mpanda. "Lekani kupunda, muzamuyofya."

M'nyumba mwa Felistus namonso munali madzi, koma mayiyo anali atasanja matumba a makala n'kuikapo thebulo pamwamba. Pathebulopo panakhala ana ake, ndipo pakati pawo panali Sampa, atakulungidwa m'chitenje chouma, akudya mbatata. Norah anamunyamula, anamununkhiza manja, anamuyang'ana m'kamwa.

"Sanagwire manzi," anatero Felistus. "Ninamumvera alira, napeza aimirira pabedi afuna kutsika." Anapitiriza kukapa madzi ndi chidebe, osamuyang'ana. "Nanga mwamupeza chibwenzi changa?"

Norah anamufungatira Sampa pachifuwa.

"Bana Kalumba, munaziba."

"Komboni yonse ya kumtunda iziba. Ni imwe chabe munali kununkhiza sopo. Tsiku lija pamalasha ninali kumuuza kuti aleke, apo ayi nizakuuzani. Anapapata kuti nisakambe."

"Nanga bwanji simunakambe pamene banabwera na mapiki?"

Felistus anaweramuka, anagwira msana.

"Nikambe chani? Ija buloko banapeza, muganiza anamata ni ndani? Chaka chija bamuna banga banamwalira, toileti inadzala na bantu ba pamaliro. Ninalibe olo ya pamela, kaja kaunga ka tsiku imozi. Ba Fackson bananitsegulira, mahala, chifukwa cha chisoni. Vinayenda kwa ba Musonda, uko kumunsi kwanu. Manje nikanati ni ba Fackson, bakanafunsa kuti naziba bwanji." Anataya chidebe china panja. "Mvula ikakuona litsiro sikata, bamake Sampa. Dzulo ba Nkole banatuma munthu, ati nyumba yopanda toileti ba kanselo bazaitseka, nigulitse chabe pakali nthawi."

"Nizayenda kukakamba. Nizauza bantu kuti ninanama."

"Kambani. Muzakamba kwa ba tcheyamani."

Norah anafuna kupepesa, koma mawu onse amene anawapeza anali aang'ono kuposa mulu wa zigumuka umene unkaoneka pawindo. Anangoti, "Zikomo pa mwana." Felistus anagwedeza mutu n'kupitiriza kukapa.

Mvula itayamba kuchepa, Norah anabwerera kwake. Anatenga zovala za Sampa zimene zinali pa chingwe, kadi la kuchipatala ndi bulangeti, n'kumanga kamtolo. Mkulu wake, amene anaganiza zokakhala naye, ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi ndipo ankakhala m'kachipinda kamodzi ku Bauleni, kumene kuli zitunda ndipo madzi amadutsa osakhala. Malo ogona kumeneko kunalibe, ndipo mlamu wake sankakonda alendo. Anabereka Sampa m'mwamba kwambiri, pafupi ndi khosi, anasenza kamtolo, n'kulowa m'madzi kulunjika kumsewu wa mabasi.

Pa mphambano anakumana ndi Fackson. Anali atasamba. Anasenza thumba la ufa pamutu kuti lisanyowe, ndipo ankayenda mosamala, akufufuza pansi ndi phazi.

"Daddy!" anaitana Sampa kumsana.

Fackson anaima. Anayang'ana kamtolo, anayang'ana mwana.

"Muyenda kuti, bamake Sampa?"

"Kumtunda."

"Manje unga uyu?"

"Mupase Bana Kalumba. Bana bawo ni bambiri."

"Nanga muzabwera liti? Iyi nyumba ni yanu. Mvula izasila, malaiti yazabwera, nizayamba futi nchito yanga. Ni nthawi chabe iyi."

Norah anakweza mwana ndi chigongono, n'kumangitsa mfundo ya chitenje pachifuwa. Kumtunda, chakumene kunali zipinda za a Nkole, mitambo ina inali itayamba kale kusonkhana. M'thumba la malaya a Fackson foni inayamba kulira. Manja ake onse anali pa ufa, ndiye inangolira, iye akuyang'ana mkazi wake, mkazi wake akuyang'ana thumbalo.

"Yankhani, Bashi Sampa," anatero Norah. "Bakasitoma balindira."

Anamulambalala n'kupitiriza, madzi akumufika m'mawondo, dzanja limodzi lili kumbuyo kugwirira timapazi ta mwana kuti tisakhudze.